Mmene ndinavutikira kuti ndigule Aseprite kuno ku Angónia

Amene mukufuna kujambula tianthu ta m'magemu mwa pixel art (kujambula ndi timadontho), tsitsani pulogalamu ya LibreSprite lero lomwe. Ndi yaulere. Zina zonsezi muziwerenga mutaiika kale pa kompyuta.

Ine mtima unali pa Aseprite, pulogalamu ya David Capello wa ku Argentina ija. Mtengo wake ndi madola 19.99, ndipo yoyeserera yaulere sikulola kusunga chomwe mwajambula. Ndalama ndinali nayo. Khadi langa la kubanki ndi lomwe linakana kulipira pa intaneti.

Ndinalawirira kubanki ku Ulongué, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Mzere unakhota mpaka panja. Nditafika pa kauntala dzuwa lili pamutu, mayi wa pamenepo anangoti, "Pepani bambo, sistema yagwa, mubwere mawa." Mawa lakelo sistema inalipo, koma akuti mapepala anga ndi akale, ndibweretse fotokope ya BI (chitupa cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho) ndi kalata ya kwa a secretário a bairro (mkulu wa dera lathu) yotsimikiza komwe ndimakhala. Dzulo lija osandiuziratu bwanji? A secretário nawo anali kumunda kukumba mbatatesi, ndinawadikira pakhonde pawo mpaka madzulo. Nditabwerera kubanki akuti fotokope ya BI ikhale ya mbali zonse ziwiri. Zonsezi kuti munthu adine kabatani kamodzi kotsegula khadi! Tengani mapepala atatuwo pa ulendo woyamba, BI mbali zonse, ndipo munene poyera kuti mukufuna kugula kunja pa intaneti.

Ndaiwala kunena kuti pamene ndimadikira zonsezi ndinayesa njira ina. Khodi ya Aseprite, malemba omwe pulogalamuyi imapangidwira, ili pa webusaiti ya GitHub, ndipo amalola kuti muimange nokha n'kumagwiritsa ntchito, bola osagawira ena. Kungoti pa Windows pamafunika zida zomangira monga Visual Studio, CMake, Ninja ndi Skia, ndipo Visual Studio payokha imadya magigabaiti angapo. Bandulo yanga inathera pakati, magetsi n'kuzimanso. Ngati mulibe Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu, isiyeni njira imeneyi.

N'chifukwa chake ndikuti LibreSprite. Inachokera ku Aseprite yomweyo, laisensi isanasinthidwe mu 2016, choncho mabatani ambiri ali malo omwewo. Onion skin ilipo, ija imaonetsa fulemu (chithunzi) yapitayo mozilala kuti muone pomwe mwendo unali. Mbuzi yanga yojambula ya timadontho 32x32 ndinaiyendetsa momwemo ndi mafulemu 6, ndipo fayilo yake ya .ase inatseguka bwinobwino mu Aseprite nditagula. Pixelorama nayo ndi yaulere, ngakhale ine sindinaizolowere.

China, mukatulutsa sprite sheet (chithunzi chimodzi chokhala ndi mafulemu onse) ya PNG n'kuiika mu Godot 4, pulogalamu yopangira magemu, chithunzi chimaoneka ngati chanyowa ndi mvula. Musakajambulenso ayi. Pitani ku Project Settings, Rendering, Textures, musinthe Default Texture Filter ikhale Nearest. Pokulitsa muzikulitsa kawiri, katatu kapena kanayi, osati ndi theka, apo ayi timadontho tina timanenepa kuposa tinzake.

Khadi litatsegulidwa kulipira sikunatenge ndi mphindi ziwiri zomwe, ngakhale banki inadulapo kake posintha meticais kukhala madola. Koma fotokope ya BI ija, mbali zonse ziwiri, musaiwale.