Kabuku ka maphunziro a mwana wanga: pomwe ndafika

Mwezi uno ndasintha kalembedwe ka m'kabuku komwe ndimasungiramo za maphunziro a mwana wanga. Ali ndi zaka 5 ndipo amaphunzirira pakhomo. Tsamba lililonse tsopano ndikumaligawa pawiri. Kumanzere ndimalemba zomwe wachita kapena wanena, kumanja ndimalemba thandizo lomwe ndamupatsa. Mbali ya kumanjayi ndiyo yandigwira mtima, chifukwa ndi pomwe kukula kwake kukuonekera poyera.

Zizindikiro zake ndi zitatu basi: Y akachita yekha, K ndikamukumbutsa ndi mawu, P tikachitira pamodzi dzanja langa lili pamwamba pa lake. Tengani nkhani yolemba dzina lake. Masamba oyambirira ndi P yekhayekha, kenako K akuyamba kulowerera, ndipo sabata yathayi Y waonekera koyamba. Ndikanamangolemba kuti "taphunzira kulemba dzina", masamba onse akanafanana, ndipo ine ndikanaganiza kuti sitikusuntha. Lev Vygotsky, katswiri wa zamaganizo yemwe anamwalira mu 1934, ankaphunzitsa kuti kuphunzira kumachitikira pakati pa zomwe mwana angathe yekha ndi zomwe angathe wina akamugwira dzanja. K ndi P zanga zikulemba malo amenewo ndendende.

Chosangalatsa kwambiri mwezi uno chinali pa masamu. Kutchula manambala mpaka 20 anayamba kale, amachita ngati akuimba. Koma ndikamuikira mabatani 7, n'kuwerenga bwinobwino, kenako ndikamufunsa kuti "ndiye alipo angati?", ankabwereranso kuyambira pa 1. Kabuku kakuonetsa kuti zimenezi zinachitika mobwerezabwereza. Sanali kulephera kuwerenga ayi. Chomwe anali asanachigwire n'chakuti nambala yomaliza kutchula ndiyo imaimira gulu lonse. Rochel Gelman ndi Randy Gallistel, akatswiri a zamaganizo, anafotokoza mu 1978 kuti mfundo imeneyi ndi sitepe payokha, yosiyana ndi kuloweza manambala motsatana kapena kupatsa chinthu chilichonse nambala imodzi. Ndiye tsiku lomwe anandiyang'ana n'kunena kuti "7, ndawerenga kale", osakhudzanso mabataniwo, ndinalemba mawu akewo momwe anawanenera, n'kuika deti. Munthu amene akungofunsa kuti "amawerenga mpaka pati?" sangaone kusintha kotereku, koma ndi kwakukulu kuposa kuonjezera manambala ena 10 pa nyimbo ija.

Zilembo b ndi d akusokonezabe. Ndimalemba, koma sindida nkhawa, chifukwa ana ambiri amatero mpaka cha m'zaka 7. N'zomveka: kapu imakhala kapu ngakhale chogwirira chiloze uku kapena uko, ndipo zilembo ndi zina mwa zinthu zoyamba zomwe zimasintha dzina zikatembenuka. Ndikungofuna kuona ngati kusokonezaku kukuchepa miyezi ikamapita, ndipo popanda madeti sindingadziwe.

Gawo lina lomwe ndalikonda ndi kufotokozanso nthano. Njirayi ndinaitenga kwa Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain yemwe anamwalira mu 1923: umamuwerengera mwana kamodzi, iye n'kukufotokozera m'mawu ake. Ine ndimalemba liwu ndi liwu, osakonza chilichonse, ngakhale atapotoza chiganizo. Zoyambirira zinali chiganizo chimodzi, nthawi zambiri chamapeto a nkhani. Pambuyo pake kunabwera "kenako... kenako... kenako". Tsopano "chifukwa" wayamba kulowa, kusonyeza kuti akulumikiza zochitika ndi zomwe zazichititsa. Makolo anzanga, ngati nthawi yanu ikulola chinthu chimodzi chokha, sankhani chimenechi. Mawu a mwana mukawakonza, mwataya umboni.

Kulemba ndimalemba madzulo iye atagona, mizere yochepa. Pa nthawi ya phunziro ndimangodontheza liwu limodzi kapena awiri pakapepala kuti ndisaiwale, chifukwa akaona cholembera chili m'manja mwanga amasiya ntchito n'kuyamba kufunsa ngati wakhoza. Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy yemwe anatsegula sukulu ya ana aang'ono yotchedwa Casa dei Bambini ku Rome mu 1907, ankalimbikira kuti wamkulu aziyang'anitsitsa mwakachetechete osasokoneza mwana amene wakhazikika pa ntchito, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake.

Zojambula ndi zolemba zake sindisunga zonse. Mwezi ukatha timasankha zochepa, china amasankha yekha, ndipo kuseri kwa chilichonse ndimalemba deti ndi zomwe iye wanena kuti wajambula. Zomanga ndi timatabwa, zomwe zimagumulidwa tsiku lomwelo, ndimazijambula pafoni n'kuziika m'foda ya mwezi umenewo. Dziwaninso kuti malamulo a maphunziro a pakhomo amasiyana malo ndi malo: ku Pennsylvania, ku America, kholo limayenera kusunga mndandanda wa zomwe mwana wawerenga pamodzi ndi zitsanzo za ntchito yake kuti ziunikidwe chaka chilichonse, choncho fufuzani zomwe zimafunika komwe muli.

Mwezi wamawa ndikuonjezera tsamba la mafunso omwe amafunsa yekha. Funso loyamba lalembedwa kale: akufuna kudziwa komwe madzi a pa chovala chonyowa amapita chikauma. Tiyamba ndi mbale ziwiri za madzi ofanana, ina padzuwa ina pamthunzi, ndipo iye ndi amene azidzaika chizindikiro pomwe madzi afika m'mawa uliwonse.