Gitala ya Chitseko cha Wodilopu

Zonsezi zinayamba ndi mlamu wanga. Iyeyu amaimba gitala bwino ndithu, ngakhale sindingavomere zimenezi iye ali pompo. Tsiku lina anandiuza kuti gitala yotchuka ya Brian May, woimba gitala wa gulu la Queen la ku England, si yogula. Mkuluyu anaipanga kunyumba ndi bambo ake cha mu 1963, khosi lake anasema ku thabwa lakalekale la pamalo owothera moto, masipuling'i n'kuchotsa ku njinga yamoto. Ine ndinangoti "oho," koma mumtima ndinali nditayamba kale kuyeza matabwa. Usiku womwewo ndinawerenganso za Antonio de Torres, mmisiri wa ku Spain amene magitala ambiri a mawaya a nayiloni anatengera kapangidwe kake. Mu 1862 anapanga gitala imene kumsana ndi m'mbali mwake munali mapepala omatidwa, pofuna kuonetsa kuti mawu a gitala amachokera pa thabwa lakutsogolo. Ndiye ndinadzifunsa: ngati munthu anaimbitsa mapepala, ine thabwa lenileni lingandikanike?

Thabwa lenilenilo linali chitseko cha wodilopu ya mkazi wanga.

Musandiweruze msanga. Chitsekocho chinali chikulendewera kale pa hinjesi imodzi. Ndinachigogoda ndi chala, khutu nditagunditsa, monga amachitira amisiri posankha thabwa. Iwo amati thabwa labwino limalira ngati belu. Langali linangoti phu, ngati wamenya pilo. Ine ndinati amenewo ndiwo mawu akuya.

"Abambo, chitseko chili kuti?" anafunsa mkazi wanga madzulo ake.

"Ndikuchikonza, mayi."

Sindinaname. Kungoti sindinanene kuti ndikuchikonza kuti chikhale chiyani. Anadzadziwa patapita milungu iwiri atandipeza ndikuchicheka, ndipo sananene kanthu. Anangoti ndwii, n'kukakoloweka nsalu pamene panali chitsekocho.

Za miyezi inayi yotsatira ndingodumpha. Matabwa a m'mbali amawanyowetsa n'kuwapindira pa paipi yotentha. Atatu anathyoka, wachinayi anapindika, chala changa chinapsa. Kumsana kwa gitala kunatsalira kabowo ka kiyi wa wodilopu, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti n'kotulukira mawu a besi. Chitsulo chija amaika m'khosi kuti lisapindike, chimene amati truss rod, ndinachisiya. Ndinaona kuti ndi zongowonjezera za anthu amantha.

Pa mafreti ndi pamene ndinadziona ngati pulofesa. Anthu ambiri amayesa kuti tizitsulo ta pakhosi tija amangotitalikitsa mofanana ngati makwerero. Ayi ndithu. Umatenga kutalika kwa waya, kuchokera pa nati, kachidutswa kamene mawaya amatsamira kumutu, kukafika pa buliji, kathabwa kogwira mawaya pamimba, n'kugawa ndi 17.817. Yankho lake ndi mtunda wokafika pa freti yoyamba. Wotsalawo umaugawanso ndi 17.817 kuti upeze yachiwiri, n'kumapita choncho, n'chifukwa chake mipata imanka nichepa ukamatsikira kumimba kwa gitala. Freti ya 12 imagwera pakati penipeni pa waya. Zonsezi ndinkazidziwa, moti ndinkazifotokozera ngakhale munthu wongobwera kudzabwereka nyundo.

Koma ine ndi masamu tinasiyana kalekale osatsanzikana, choncho ndinangotenga pa intaneti tebulo lowerengetsera kale n'kulisindikiza. Ndinacheka timipata 19, kukhomerera mafreti, kuwasalaza ndi fayilo mpaka akunyezimira. Patapita milungu itatu ndinafika pomata buliji, koma pepala lija silinaoneke. Ndinadzalipeza mochedwa, mwana atalisandutsa ndege. Sindinade nkhawa, poti ndinkakumbukira bwinobwino kuti pa gitala ya mtundu wa Torres waya amakhala mamilimita 650. Ndinayeza 650 kawiri, kachitatu nditavala magalasi, n'kumata. Gitala yonse ndinaipaka vanishi wonyezimira moti munthu ukanametera ndevu.

Buliji yanga inali yomangirira mawaya, ija ya magitala a nayiloni. Koma mawaya ndinagula achitsulo, chifukwa amafuula. Mukumbukire zimenezi.

Tsiku lochuna linafika. Ndinatsegula pulogalamu yochunira pafoni, yoonetsa mayina a mawaya: E, A, D, G, B, E. Waya woyamba analowa, wachiwirinso. Pa D ndi pamene panavuta. Ndikutembenuza kakhutu kochunira, waya osasintha mawu. Kutembenuzanso, osasintha. Ndinayamba kudzitama mumtima kuti ndapanga gitala yosasuntha chisawawa. Kenako kunamveka twaa! ndipo china chake chinandikwapula pachibwano. Nthawi yonseyo ndinkakhwatcha D koma ndikumanga G. Woimba gitala amene akuti zimenezi sizinamuchitikirepo, musamubwereke ndalama.

Nditaika G watsopano, mawaya onse asanu ndi mmodzi anaonetsa zobiriwira pafoni. Ndinawakhwatcha onse pamodzi osagwira paliponse, ndipo abale inu, inalira ngati gitala! Misozi inalengeza. Ndinagwira kiyi ya G kufupi ndi mutu. Inamveka, koma ngati munthu wa chimfine. Ndinatsikirako pa freti ya 5, ikumveka ngati kwaya imene ena sanabwere ku pulakatisi. Pa freti ya 12, pamene payenera kumveka noti yomweyo ya waya koma yokwera, panatuluka chinthu chimene foni inalephera kuchipatsa dzina. Kamuvi kankangovina pakati pa D# ndi E ngati kakufunsa kuti kalowere kuti.

Mwachidziwikire, wolakwa anali foni. Ndinaiponya pampando n'kuyamba kuchuna ndi khutu monga ankachitira akale: kugwira freti ya 5 pa waya wina kuti ufananitse ndi wotsatira, kupatula pa G pamene umagwira ya 4. Chimene sindinkadziwa n'chakuti freti iliyonse pa gitala yanga inkanama pang'ono, ndipo waya aliyense ankalandira bodza la mnzake n'kuwonjezerapo lake, monga iyendera miseche. Pofika pa E womaliza, anali atatsika pafupifupi freti yathunthu. Ndinakhwatcha. Galu amene anagona pakhomo anadzuka, kundiyang'ana, n'kukagona kuseri kwa nyumba.

Masiku atatu ndinakhala ndikuchuna. Ndikakonza kumutu, kumimba kukuwonongeka; ndikakonza kumimba, kumutu kukulira maliro. Khosi nalo linali litayamba kuwerama, moti pansi pa mawaya pakanadutsa mbewa osawerama. Mlamu wanga atabwera anandiuza kuti mu 1713 katswiri wa nyimbo wa ku Germany, Johann Mattheson, ananyogodola oimba lute, msuweni wa gitala wa mawaya ambirimbiri, kuti akakhala ndi moyo zaka 80 ndiye kuti zaka 60 zathera pochuna.

"Koma inu alamu, pa 80 zanuzo simutsala ndi chaka choimba," anatero. Anaitenga, kuimba pang'ono, nkhope itakwinyika ngati waponda minga. "Gitala iyi ili ndi makiyi ake amene dziko silinawatulukire."

Ndiye amene ananditengera kwa bambo ena achikulire okonza magitala. Ndinapita nditakonzekera kuwafotokozera za 17.817. Madalawo sanafunse chilichonse. Anaizunguza, kusuzumira m'kabowo ka kiyi, kundiyang'ana ine, osalankhula. Kenako anatola kachingwe pansi. Anayeza kuchokera pa nati kufika pa freti ya 12, n'kutsina pamenepo ndi chala. Anasuntha kachingweko kuti kayambire pa freti ya 12 kulowera ku buliji. Kanathera panjira, patatsala mpata wolowa chala chachikulu.

"Mwana wanga, mafreti awa ndi a gitala ina, buliji iyi ndi ya gitala inanso. Awiriwa sanaonanepo."

Titayeza ndi tepi, mbali ina inali mamilimita 314, ina 336. Tebulo ndinasindikiza lija linali la mamilimita 628, muyezo wa magitala a Gibson monga Les Paul. Miyezi inayi, chala chopsa, chitseko cha eni ake, zonse zinagonja kwa kachingwe kotola pansi.

Bambowo anandilangiza mofatsa. Ndimatule buliji ndi mpeni wofunditsa, ndiisunthire kutsogolo mamilimita 20. Pamalo pomatapo ndipale vanishi yense mpaka thabwa lioneke, chifukwa guluu wa matabwa amagwira thabwa, sagwira vanishi. Ndiipane bwino, ndidikire tsiku lathunthu. Ndipo mawaya achitsulowo ndiwachotse: onse pamodzi amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, pamene a nayiloni sapitirira kwenikweni 40.

"Mwamva, mwana wanga?"

"Ndamva, bambo."

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndinayankhidwa bwinobwino, koma phulalo ndinadyabe. Vuto linali lakuti madzulo a tsiku lomwelo kunkabwera alendo, kuphatikizapo apongozi anga, ndipo ndinali nditalengeza kale kuti adzamva zimene sanamvepo. Pa malangizo onse aja ndinatolapo limodzi, la mamilimita 20. Kupala vanishi wokongola uja mtima unakana. Ndinamata buliji pamwamba pake 12 koloko masana, n'kutsindikirapo dikishonale ndi simbi. Pofika 6 koloko ndinali nditabwezeretsa mawaya achitsulo aja, poti a nayiloni ndikanawatenga kuti nthawi imeneyo?

Apa ndiye pondiwawa mpaka lero: gitala ija inachunika. Ndinagwira freti ya 12, foni n'kuonetsa E wobiriwira, osagwedezeka. Makiyi onse anakhala m'malo mwake. Mawu ake sanali a Torres, komabe anali ofunda, ozama pang'ono, ndipo ndikulumbira kuti m'kabowo ka kiyi munkatulukadi kenakake. Alendo atakhala pansi ndinayamba nyimbo yofatsa. Mkazi wanga, amene kwa miyezi inayi ankatenga zovala kuseri kwa nsalu, anamwetulira. Apongozi ankagwedeza mutu. Mtima wanga unali m'malere.

Ndili pakati pa vesi yachiwiri ndinamva kaphokoso, thi, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Ndinapitiriza. Thi, kachiwiri.

"Alamu, G watsika pang'ono," ananong'ona mlamu wanga.

Aliyense woimba gitala amadziwa kuti zinthu zikasokonekera woyamba kumuloza chala ndi G. Waya ameneyu ali ngati mwana wa mbiri yoipa pakhomo: kaya mbale waswa ndi wina, wokalipiridwa ndi iye. Koma tsiku limenelo G analibe mlandu. Mawaya onse ankatsika limodzi, chifukwa buliji inali itayamba kudzuka kumbuyo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akufuna kuchoka pamsonkhano mosaonetsera.

"Musagwire, alamu," ndinatero ndikuimbabe.

"Pang'ono pokha."

Anawerama kumutu kwa gitala, n'kugwira kakhutu ka G, n'kupotoza mwina kotala chabe.

Phwaa!

Makilogalamu 70 anamasuka nthawi imodzi. Buliji inauluka ndi mawaya ake onse, kudutsa pamwamba pa zala zanga, n'kukamutera mlamu wanga pachipumi penipeni. Gitala inalira kulira kumodzi kwakukulu, kokoma kuposa noti iliyonse imene ndinaimbapo, kenako zii. Mwana anayamba kuwomba m'manja poyesa kuti nyimbo imathera pamenepo. Ine ndinangoti kakasi, dzanja lamanja likukhwatchabe mphepo. Mlamu wanga anakhala pansi atagwira chipumi, buliji ikulendewera pafupi ndi khutu lake ngati ndolo.

Woyamba kuseka anali mkazi wanga. Anaseka chikhakhali mpaka kutsamira khoma, kuseka kwa miyezi inayi kumene ankasunga. Ena onse anatsatira. Apongozi okha ndi amene sanaseke. Pa chipwirikiticho gitala inali itatembenuka pamiyendo panga, msana uli kwa iwo. Anavala magalasi, kuwerama, n'kulowetsa chala m'kabowo kaja.

"Koma thabwa ili ndikulidziwa ine," anatero. "Si wodilopu ndinakupatsani ija?"

Ndinayamba kufotokoza za Brian May. Sizinathandize.

Chotupa cha mlamu wanga chinaphwa patatha mlungu umodzi, koma mlandu wake sunathe. Iye amati buliji inali itanyamuka kale. Ine ndimati ikanapirira mpaka nyimbo kutha achikhala kuti anthu ena amasunga manja awo. Anzake oimba nawo anamupatsa dzina loti Freti ya 12, poti chinamumenya pakati penipeni. Gitalayo ili pakhoma, yopanda buliji, ndipo pamimba pake pali zipsera ziwiri zotalikirana mamilimita 20. Alendo akafunsa ndimati ikupuma.

Panopa ndikudziwa pamene ndinalakwitsa, ndipo tebulo lolondola la 650 ndinalisindikiza katatu n'kulibisa kumene mwana sangafike. Dzulo mkazi wanga anandipeza kuchipinda nditagunditsa khutu pa chitseko chotsala cha wodilopu, ndikuchigogoda ndi chala. Chimenechi ndiye chikulira ngati belu, sindikunama. Sananene kanthu. Koma lero kutacha sowo yanga sikuoneka, ndipo pa chitsekocho pali loko watsopano.