Duwa la apongozi silidya Urea

Anthuni, apongozi akakusiyirani duwa kuti muwasungire, kanani. Nenani kuti maluwa amakuyambitsani chifuwa, nenani chilichonse.

Anga anapita ku Lilongwe mu Okutobala kukadikirira mlamu wanga amene anali woyembekezera, nde anatisiyira duwa lawo lija la masamba ataliatali a mizere yoyera, ena amati spider plant. Madamu ali bize kuntchito, basi udindo unagwera ine mkamwini. Timakhala ku Matawale ku Zomba, mukudziwa mmene Okutobala amawotchera kumunsi kuno, osati ku Chawe komwe madzulo anthu amafunabe juzi.

Sabata yoyamba nsonga za masamba zinayamba kuuma, bulauni ngati fodya. Ine ndinakulira kumunda aise, ndikudziwa kuti chimanga chikasintha mtundu nde kuti chili ndi njala. Kunali ka Urea kotsala chaka chatha, ndinatapa dzanja lodzaza nkukhuthulira mukamphika kake, kamphika koti nsima yake anthu awiri sangakhute. Kenako madzi mmawa, madzi madzulo, masananso ndikadutsa ndimalimwetsa ngati wodwala malungo.

Masiku anayi okha bulauni uja wafika pakati pa tsamba, dothi layera pamwamba ngati wina wawaza mchere, pabalaza pakumveka kafungo ka kudambo moti madamu anayamba kumuyang'ana moipa mphaka, mphaka wosalakwa.

Ndinalijambula pafoni nkupita kwa mkulu wina wogulitsa mbande za maluwa cha kufupi ndi Botanical Gardens. Ndikumufotokozera za Urea anaika kheni pansi kaye kuti aseke bwinobwino. "Achimwene, mwaliphika duwali." Akuti feteleza ndi mchere, akachuluka amalanda madzi ku mizu, nde nsonga ndi imene imayamba kupsa poti ndi komaliza kufika madzi. Komanso Urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100, ndi wa kumunda ameneyo, osati wa pawindo. Anandifunsa ngati kamphikako kali ndi bowo pansi. Kalibe. Akuti nde mizu ikuwola, mizu yowola simwa, duwa likufa ndi ludzu lili mmadzi. Boolani, sinthani dothi, muzipisa chala kaye ndipo mukamva chinyezi musathirire, madzi akhale amvula kapena apampopi ogona mundowa kuti klorini achepe. Nanga zabulaunizi zibwerera liti? "Chapsa chapsa achimwene, dulani ndi sizasi."

Kuboola ndinaboola, dothi ndinasintha. Koma kudula eee, ndikanadula zonse zopsazo pakanatsala ziputu ngati mutu wometedwa ndi wophunzira kumene. Ndili mkati moganiza foni yalira, mwana wabadwa, apongozi akubwera Loweruka.

Lachisanu usiku magetsi atathima ndinatenga maka yagirini muchikwama cha mwana wanga, foni ndaluma pakamwa ngati tochi, nkuyamba kupenta tsamba limodzilimodzi mpaka cha mma 12. Ndipo musaseke, ukaima pakhomo limaoneka bho kwabasi, ngati la mu hotelo.

Loweruka apongozi afika, tapatsana moni ine ndanjuta cha patali mwaulemu wonse, asanamwe ndi tiyi yemwe ulendo pawindo. "Koma lasamalidwa," akutero akulisisita tsamba ngati mdzukulu. Ine mtima phaa phaa. Anayang'ana zala zawo, girini. Anasisita lina, girini. Ine ndabisa manja kumbuyo poti anganso sanayere ngakhale ndinawatsuka ndi sopo wochapira. Nde kamwana kanga, kamene ndimakalipirira fizi ine, kakuti, "Agogo, adadi andimalizira maka yanga yonse."

Apongozi sanandiyang'ane nkomwe. Anapukuta zala pachitenje pang'onopang'ono, natembenukira kwa mwana wawo. "Uwauze bambo akewa kuti khitchini yanga ikufunikanso penti."

Ndagula kale bulashi, ndikupita Loweruka likubwerali.