Nsapato ya alamu inauluka ku Gold Reef City

Ndinali nditangotha miyezi itatu ku Joni pamene alamu ananena kuti Loweruka titenge ana tikawaonetse Gold Reef City, malo a masewera ndi zisangalalo. Nsapato zanga zinali zakuntchito, zoyera mbuu ndi simenti, ndiye alamu anandibwereka zawo zachikopa, zopanda zingwe, saizi 10. Phazi langa ndi la 8. Achemwali anati ndifutsemo nyuzipepala kutsogoloku. Ndinakana kwamtuwagalu, ati ndingaoneke ngati munthu wotsika basi dzulo.

Malowo ali ku Ormonde, kummwera kwa tauni, m'mbali mwa msewu wa M1. Kale panali mgodi weniweni wa golide, dzenje nambala 14 la Crown Mines, ndipo chinsanja chachitsulo chimene chinkatsitsa anthu pansi chikadali chiimire. Mgodi utatsekedwa anamangapo kamzinda kofanizira Johannesburg wa masiku aja golide atangopezeka kumene mu 1886: nyumba za malata zamakhonde, mashopu achikalekale, kenako mahotela ndi kasino. Chapafupi pomwepo pali Apartheid Museum imene inatsegulidwa mu 2001, koma ana sanafune n'kuyang'anako komwe.

Nditangomva mawu akuti mgodi, kukamwa kunayamba kuyabwa. Agogo anga aamuna anapita ku Wenela kawiri, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, a Kamuzu asanaletse mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Anabwerako ndi wailesi, chikhoti chofika m'maondo, ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ndinawauza anawo kuti, "Ife magazi athu ndi amumgodi. Palibe chimene chingandiopse pano." Alamu anangoti, "Tamva, alamu."

Poyamba zinandiyendera. Anatipatsa zipewa zolimba, tinalowa m'chikepe n'kutsikira pansi. Kunali chinyontho ndi mdima woti nyali ikazima sungaone dzanja lako. Wotiperekeza anati pamene tinaimapo m'pamwamba chabe, eni ntchito ankatsika makilomita. Apo ndinakhala kaye chete, ndikuganiza za agogo. Titatuluka tinakaonera akuthira golide wosungunuka m'chikombole, kenako ndinadya nkhuku ndi tchipisi n'kutsirira Fanta. Kulimba mtima kunabwereranso.

Mwana wamkazi wa achemwali, wa zaka 12, analoza Tower of Terror. "Amalume, tiyeni uko." Ndinaona kangolo katakwera pamwamba pa nsanja, n'kugwa chamutu kulowa m'dzenje, anthu akukuwa ngati aona njoka m'nyumba. Ndinati mzere watalika kwambiri. M'malo mwake ndinasankha Anaconda, chifukwa ndili patali ndinaona mipando yokhala ndi zotsamira, ngati ya kwa ometa tsitsi.

Chimene sindinaone n'chakuti mipandoyo imalendewera kunsi kwa njanji. Popondapo palibe. Atangotimanga, ndinapeza miyendo yanga ili lende, nsapato za alamu zikugwedera kuzidendene. Ndinapinda zala zonse khumi mkatimo n'kuzigwira ngati nkhanu.

Tinayamba kukwera, kwe kwe kwe, Joni yense akuoneka pansi. Ndinafuna kumuuza mwanayo kuti asaope, koma mawu sanatuluke. Kenako dziko linatembenuka. Ndinaona mitambo pansi pa mapazi anga, nkhuku ija ikubwerera kukhosi kudzafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo phazi lakumanja linangomva kamphepo kozizira. Nsapato inadutsa pamaso panga ikuzungulira pang'onopang'ono, ngati khwangwala wosafulumira.

"Mayo ine! Nsapato ya alamu!"

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a bambo wina, m'Chichewa chenicheni cha kwathu: "Isiyeni achimwene, gwirani moyo!" Mpaka lero sindinamuone nkhope. Anthu akwathu ali paliponse, ngakhale m'malere chadodolido. Mwana uja manja anali m'mwamba, akuseka mpaka misozi.

Titatsika, maondo anakana ntchito. Ndinakhala pansi, sokosi yanga yobooka ili poyera, chala chachikulu chikusuzumira anthu. Mnyamata wogwira ntchito pamenepo anandiyankha mwaulemu, akudziletsa kuseka, kuti kumpandako salowako munthu makina akuyenda, ndidikire atseke madzulo. Anandilozeranso chikwangwani chochenjeza za katundu wosamangika, chimene ndinachidutsa ndikufotokoza za Wenela.

Alamu anafika ndi ayisikilimu m'manja. Anayang'ana phazi, anayang'ana ine, anayang'ananso phazi. "Alamu," anatero, "magazi amumgodi aja ndi a pansi pokha eti? A m'mwamba munawasiya ku Dedza?"

Maola anayi otsalawo ndinayenda chotsimphina, mwendo wina wautali wina waufupi, kuphazi nditamanga jumbo ya tchipisi ija. Ana anakwera Golden Loop, anakanyowa pa Raging River Rapids, ine ndili pa benchi ngati mlonda wa zikwama. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana mwachifundo n'kundisunthira malo. Sindinamuuze zoona.

Choipitsitsa ndinachidziwa tili m'galimoto. Achemwali anajambula zonse pa foni, kuphatikizapo kukuwa kuja, ndipo anali atatumiza kale pa gulu la banja la WhatsApp. Amayi kumudzi anayankha ndi uthenga wamawu wa mphindi zitatu. Theka loyamba akuseka, theka lachiwiri akufunsa ngati ku Joni kumene ndinapita kukasaka ndalama n'kumene anthu amalipira kuti awapachike miyendo m'mwamba.

Nsapato inapezeka chakumadzulo, itakalika mphuno yonse. Alamu anaitembenuza kawiri n'kunena kuti ndingotenga zonse ziwiri, tidzakambirana pa malipiro a mwezi. Ndimavala popita kutchalitchi, nditafutsamo masamba awiri a nyuzipepala mbali iliyonse.