Zimene ndaphunzira pa lupu la nsalu yoluka

Chitenje ndi tisheti zonse timangoti nsalu, koma kapangidwe kake n'kosiyana kwambiri. Chitenje n'choomba: ulusi wina umayenda mulitali, wina umapingasa, kulowa pansi n'kutulukira pamwamba. Tisheti, juzi ndi sokosi n'zoluka. Ukamaluka ndi singano ziwiri, ulusi umakhala umodzi womwewo, umangopindidwa kukhala malupu, lupu lililonse kulikoka kudzera m'linzake. Mutu umenewu ndi umene takhala tikuphunzira m'kalasi la nsalu, ndipo ndaona kuti mawu onse amene akutiloweza akuchokera pa kalupu kameneka.

Tengani juzi yakale muitambasule padzuwa. Lupu lili ndi mutu wokhota pamwamba, miyendo iwiri yotsika, ndi mapazi amene amalilumikiza ndi malupu a kumanzere ndi kumanja. Mzere wa malupu wopingasa amautcha course, wotsika kuchokera kukhosi mpaka m'chiuno amautcha wale. Ukakoka juzi m'mbali, ulusi sutalika ayi, malupu ndi amene amayasama, ndipo ukasiya amabwerera. Chitenje sichingatero, ulusi wake unagona kale mowongoka.

Pamene ndakhalitsapo ndi pa knit ndi purl. M'mabuku amazilemba ngati masitichi awiri, koma kwenikweni ndi lupu limodzi, kungoti ukuliona kumaso kapena kumsana. Kumaso, komwe ndi knit, umaona miyendo, tizilembo ta V tondondozana bwinobwino. Ukatembenuza kumsana, komwe ndi purl, umaona mitu ndi mapazi, timatuzatuza topingasa. Ngati ma V onse ayang'ana mbali imodzi, nsaluyo ndi jersey, ija ya tisheti, ndipo ili ndi khalidwe lotopetsa: m'mphepete mwake imadzipiringiza, ngakhale uisite chotani. Ukasinthanitsa knit imodzi ndi purl imodzi mumzere, mbali ziwirizo zimakokana mofanana, nsalu imagona phee, komanso imatamuka kwambiri. Imeneyo ndiye ribu, n'chifukwa chake amaiika kukhosi, kumanja ndi m'chiuno mwa juzi. Amayi ambiri oluka zipewa ndi tinsapato ta makanda amazichita zimenezi tsiku ndi tsiku osafunsa buku, ndipo ine ndimaona kuti manja awo amalidziwa lupu kuposa ife olemba notsi.

Vuto la nsalu yoluka lilinso pomwepo. Lupu lililonse limagwiridwa ndi la pamwamba pake, choncho limodzi likaduka, a m'munsi mwake amasololoka motsatana, n'kusiya kanjira kotsika ndi wale yonse. Masokosi aatali opyapyala ndi amene amatchuka nazo.

Za mbiri tinangodutsamo. William Lee wa ku Calverton, pafupi ndi Nottingham ku England, anapanga makina oluka masokosi mu 1589, singano iliyonse kugwira lupu lakelake. Makina a lero ndi othamanga koposa, koma lupu ndi lomwelo.

Ntchito imene tapatsidwa tsopano ndi kuluka kachidutswa, kuyeza masentimita 10 mulifupi ndi mulitali, n'kuwerenga ma wale ndi ma course. Anthu awiri atha kutenga ulusi ndi singano zofanana koma manambala n'kusiyana, chifukwa wina amamanga dzanja, wina amalekerera. Amene amadumpha gawo limeneli amalukira mwana juzi yokwana bambo ake.