Zomwe nyemba sizingapereke kwa mwana

Sabata ino m'kalasi ya kadyedwe tinafika pa mutu wa ana a m'mabanja osadya nyama, ndipo maganizo anga onse anathamangira kwa mwana wa achemwali anga. Iwo ndi alamu anasiya nyama ndi nsomba chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo kamtsikana kawo kali ndi zaka ziwiri. Ine ndinkangoti bola nyemba, nandolo ndi soya zili m'nyumba, palibe chosowa. Pa mapuloteni sindinaphonye. Chomwe chimachepa m'chimanga nyemba zili nacho, n'chifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya.

Chomwe chinandikhazika chete ndi vitamini B12. Ameneyu sapezeka mu nyemba, bonongwe, chigwada kapena mtedza. Amachokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, apo ayi mapiritsi ndi zakudya zomwe amuthiramo ku fakitale. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika ma microgram 0.9 patsiku. N'kanthu kochepetsetsa, koma kakasowa magazi amachepa, mwana amafooka, amachedwa kuyenda ndi kulankhula, ndipo mitsempha ikawonongeka nthawi zina sibwereranso mwakale. Munthu wamkulu ali ndi nkhokwe ya B12 m'chiwindi yomwe imamusunga kwa zaka, ndiye mayi angamadzimve wamphamvu pomwe mkaka wake wa m'mawere wayamba kale kuperewera. Khanda lilibe nkhokwe yotero. Apa mpamene mtima wanga unagunda, poti achemwali akuyembekezeranso.

Mwayi wake, kwawo mazira ndi mkaka amadya. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi theka la microgram, kapu ya mkaka wa ng'ombe imapitirira pang'ono microgram imodzi. Banja lomwe linasiya ngakhale zimenezi lisamadalire masamba. Lipite kuchipatala likafunse za mapiritsi.

Pa ayironi, yemwe amathandiza thupi kupanga magazi, ndinaphunzira kuti nkhani si kuchuluka kwake m'mbale kokha. Wa mu nyemba ndi masamba thupi limamutenga movutikira kusiyana ndi wa mu nyama. Vitamini C amathandiza kuti alowe, pomwe tiyi amamutchingira. Ndiye tangoganizani ana athu ambiri omwe timawapatsa tiyi ndi mbatata m'mawa uliwonse! Gwafa, lalanje, phwetekere kapena ufa wa malambe pa nthawi ya chakudya n'zabwino koposa, tiyi adikire. Chinandisangalatsa n'chakuti agogo athu ankachita kale zomwe mabuku akulimbikitsa: kuviika nyemba, kumeretsa chimera, kusasitsa thobwa. Njira zimenezi zimachepetsa phytate wopezeka mu nyemba ndi chimanga, yemwe amamanga ayironi ndi zinki kuti thupi lisazitenge.

Vitamini A sanandidetse nkhawa kwenikweni. Mbatata yofiira mkati, maungu, mapapaya ndi mango zilipo, bola masamba aziphikidwa ndi nsinjiro kapena timafuta poti vitamini ameneyu amalowa bwino ndi mafuta. Shuga ndi mafuta ophikira a kuno kwathu amathiridwanso vitamini A, ndipo mchere ukhale wa ayodini.

Mfundo yomwe aphunzitsi anaibwereza kangapo ndi ya kamimba. Mwana wa zaka ziwiri amakhuta msanga, ndipo phala lamadzimadzi kapena masamba ambiri zimadzaza mimba mphamvu zisanakwane. Phala likhale lolimba moti lisayenderere pa supuni, muthiremo nsinjiro, mapeyala kapena dzira, ndipo adye pafupipafupi, kasanu patsiku kuphatikizapo zotolatola.

Dzulo ndinawaimbira achemwali. Sindinawauze kuti abwerere ku nyama, chifukwa mwana angakule bwino popanda nyamayo ngati zina zikusamalidwa. Ndinangowapempha kuti ulendo wotsatira wa ku sikelo akauze anamwino mosabisa kuti sadya nyama ndi nsomba, akafunse za B12, ndipo kamtsikanako kazipatsidwa dzira tsiku lililonse. Anandiyankha kuti nkhuku zawo zitatu zayamba kuikira, mazirawo asiya kugulitsa.