Mmene tinaberekesera bulu wanga ndi umuna wochokera kutali

Mphongo yomwe ndinkaifuna inali kutali kwambiri, ndipo sindinafune kuzunza bulu wanga wamkazi ndi ulendo wautali. Dokotala wa ziweto anandiuza kuti umuna wokha ukhoza kubwera, iye n'kuuika m'chiberekero. Anandichenjezanso kuti bulu si hatchi yaing'ono, ndipo njira zomwe zimayenda bwino pa mahatchi zina zimakanika pa abulu.

Tinayamba ndi kudikira nyengo yake. Bulu wamkazi amafuna mphongo pafupifupi masiku 24 aliwonse, ndipo nyengoyo imatha pafupifupi sabata. Sabisa ayi: amatsegula ndi kutseka kamwa ngati akutafuna, makutu atagona kumbuyo, mchira uli m'mwamba, akukodza pafupipafupi. Nditaona zimenezi ndinaitana dokotala, nayamba kumuunika ndi makina a sikani kudzera kotulukira ndowe. Kathumba kosunga dzira katakula kupitirira mamilimita 35, anamubaya jekeseni wa hCG, amene amachititsa kuti dzira lituluke mkati mwa masiku awiri.

Kutenga umuna ndinakaonerera ndekha, ndipo pamenepo m'pofunika mtima woleza. Mphongo ya bulu sifulumira. Imanunkhiza yaikazi, kulira, kukwera popanda kuchita kanthu, kenako n'kuchoka kukaima patali ngati yaiwala chomwe yabwerera. Theka la ola likhoza kutha choncho. Osaikalipira, osaikoka chingwe, chifukwa ukatero umayambiranso pachiyambi. Itakonzeka inabwera yokha, ndipo dokotala anaikolera m'chida chooneka ngati chubu, chothiridwa madzi ofunda a madigiri 45 kapena kuposa pang'ono. Umunawo anausefa, nayang'ana dontho pa maikulosikopu kuti aone ngati mbewu zikuyenda bwino.

Apa ndiye panali posankha, ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Umuna umasungidwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuusakaniza ndi madzi apadera opangidwa kuchokera ku mkaka wopanda mafuta, n'kuuziziritsa pang'onopang'ono mpaka madigiri 5. Wotere umafunika kugwiritsidwa ntchito pasanathe masiku awiri. Yachiwiri ndi kuuthira m'timachubu ta theka la mililita n'kuuumitsa mu naitulojeni yamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro, momwe umakhala zaka zambiri. Njira imeneyi ndi yomwe ikuthandiza kusunga mbewu za mitundu yomwe yatsala pang'ono kutha, monga abulu a Poitou a ku France ndi a Martina Franca a ku Italy.

Chodabwitsa n'chakuti umuna wa bulu woumitsidwa umagwira bwino ukaikidwa mwa hatchi, n'kubadwa nyulu, koma mwa bulu mnzake umakanika kawirikawiri. Chiberekero cha bulu chimatupa kwambiri chikaulandira, ndipo akatswiri ena amakayikira glycerol, mankhwala oteteza mbewu pouma. N'chifukwa chake madokotala ena amatsuka chiberekero pakapita maola angapo, ena amabwezeramo madzi a umuna omwe anachotsedwa poumitsa. Ine nditamva zonsezi ndinasankha wozizira chabe. Ngati mphongo ili moyo ndipo umuna ungafike m'tsiku limodzi, sindikuona chifukwa chothamangira woumitsidwa.

Tsiku loika, tinamanga mchira ndi nsalu, n'kutsuka bwino kumaliseche ndi sopo, kutsukuluza ndi kupukuta. Ukhondo pamenepa si wonyengerera, chifukwa kachilombo kakalowa ntchito yonse yapita. Dokotala anavala gulovu wofika paphewa nalowetsa kapaipi kowonda. Khomo la chiberekero cha bulu ndi lalitali komanso lopapatiza kuposa la hatchi, choncho anapita mofatsa, ine ndikusisita bulu pakhosi ndi kumulankhula. M'mawa mwake anaunikanso natsimikiza kuti dzira latuluka komanso m'chiberekero mulibe madzi otsalira.

Patatha masabata awiri tinaunika ngati watenga bere. Musalumphe tsiku limeneli, chifukwa ndi pomwe mapasa amaoneka msanga, ndipo mapasa ndi oopsa kwa bulu ndi ana omwe. Mwa wanga munali kamodzi kokha. Dokotala analemba tsiku loti adzaunikenso kugunda kwa mtima mwezi usanathe, nandiuza kuti ndiyembekezere mwana pakatha miyezi pafupifupi 12, ngakhale abulu ena amapitirira mpaka 13 kapena 14.